Malasha a ku Tete: n'chifukwa chiyani chuma chake sichikhazikika m'chigawomo?

Mphunzitsi Mbewe analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsata nkhani za migodi ndi zamtengatenga. Ine ndimaphunzitsa jogalafe kusekondale, ndipo pokonzekera phunziro lokhudza chigwa cha Zambezi ndafika pa chigawo cha Tete ku Mozambique, pomwe ndaona kuti zimene ndikudziwa sizikulumikizana bwino. Chigawochi chili kutali ndi nyanja yamchere, chimachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo katundu wake aliyense wopita kudoko amayenera kudutsa m'zigawo zina kapena m'dziko lina. Komabe pansi pa nthaka ya ku Moatize pali malasha ochuluka moti makampani akuluakulu a ku Brazil, Australia ndi India anathamangirako, pa mtsinje wa Zambezi pali damu la Cahora Bassa limene limapanga magetsi ambiri kuposa malo ena alionse m'dzikomo, ndipo ku Moatize kumanyamuka njanji ziwiri, ina yopita ku Beira, ina yopita ku Nacala. M'chaka cha 2017 malasha anaposa aluminiyamu n'kukhala katundu wobweretsa ndalama zakunja zambiri ku Mozambique.

Ndikudziwa kuti ophunzira adzandifunsa funso limene inenso likundisautsa. Ngati zinthu zili chonchi, n'chifukwa chiyani anthu ambiri a m'chigawomo, omwe kalembera wa 2017 anapeza kuti ndi opitirira 2.5 miliyoni, akudalirabe khasu, ndipo n'chifukwa chiyani sitimva za fakitale yaikulu ya zitsulo pamalo pomwe malasha, magetsi ndi madzi zakumana? Kodi vuto lagona pa kutalika kwa mtunda, pa malamulo a misonkho, kapena pa mmene ntchito ya malasha ilili mwachibadwa? Sindikufuna kungowayankha kuti ndi katangale, chifukwa yankho lotere limamuletsa mwana kufunsanso, pamene ine ndikufuna kuti aphunzire kulondola kumene ndalama yalowera.

Gama analemba kuti:

A Mbewe, ndiyankha mbali imene ndikuidziwa, popeza ndinakhala zaka zambiri pa ntchito yokonza maulendo a katundu wolemera wa pa njanji ndi wa pa msewu. Mmene ndimaonera ine, nkhani ya malasha a ku Tete imayambira pa mtunda isanafike pa mgodi. Golide wokwana m'thumba la malaya akhoza kulipira ndege, koma malasha ndi olemera ndipo mtengo wake pa tani imodzi ndi wochepa, choncho kilomita iliyonse imene ayenda asanakwezedwe m'sitima yapamadzi imadya gawo la phindu. Kuchokera ku Moatize kukafika ku Beira pa njanji ya Sena ndi makilomita pafupifupi 575, ndipo kukafika ku doko la Nacala-a-Velha ndi makilomita 912, pamene migodi yambiri ya ku Queensland ku Australia, imene imalimbirana ndi Moatize misika yomweyo ya ku Asia, ili pa mtunda wa makilomita 200 kapena 300 kuchokera kunyanja.

Ophunzira anu adziwenso kuti pa msika malasha ali mitundu iwiri. Pali amene amawotchedwa m'mauvuni osalowa mpweya kuti asanduke makala olimba osungunulira chitsulo m'ng'anjo zikuluzikulu, ndipo amenewa ndiwo okwera mtengo omwe anakopa makampani. Palinso malasha wamba otenthetsera madzi m'nyumba zopangira magetsi ndi m'mafakitale a simenti. Ku Moatize mitundu iwiriyi imatuluka m'dzenje limodzi itasakanikirana ndi miyala yambiri, motero zonse zimayamba zatsukidwa ndi kulekanitsidwa, ndipo zimene zimatsala kuti zigulitsidwe zimachepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zafukulidwa. Mitengo ikatsika, malasha wambawo sakwanitsa ngakhale kudzilipirira ulendo wa kudoko, ndiye amangounjikidwa pamgodi mpaka kuoneka ngati mapiri.

Njanji ya Sena ndi yakale, ndipo imawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita opitirira 3.5, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Nkhondo yapachiweniweni inaiwononga m'zaka za m'ma 1980, ndipo migodi ya pansi pa nthaka imene kampani ya boma ya Carbomoc inkayendetsa inafera pomwepo, chifukwa malasha analibenso potulukira. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa chilolezo chokumba ku Moatize mu 2004, koma malasha ake oyamba anafika ku Beira mu 2011 njanjiyo itakonzedwa. Ngakhale itakonzedwa, inkangotha kunyamula matani opitirira pang'ono 6 miliyoni pachaka. Doko la Beira nalo ndi losazama, limafuna kukumbidwa kawirikawiri, ndipo sitima zazikulu kwambiri sizitha kudzaza zili padoko. Kumayambiriro kwa 2013 mvula inakokolola mbali ina ya njanjiyo, ndipo mkangano wa boma ndi chipani chotsutsa cha Renamo utabukanso, sitima zina za malasha zinawomberedwa mu 2016.

Chimene chinachitikira kampani ya Rio Tinto, ya ku Britain ndi Australia, chikuonetsa poyera kulemera kwa nkhani ya mtundayi. Mu 2011 inagula kampani ya Riversdale, yomwe inali ndi mgodi wa Benga, pa madola pafupifupi 3.7 biliyoni, ili ndi chiyembekezo choti idzatsitsa malasha m'mabwato akuluakulu pa mtsinje wa Zambezi mpaka kunyanja. Boma la Mozambique linakana njira imeneyo, malasha osungunulira chitsulo anapezeka kuti ndi ochepa kusiyana ndi mmene ankayembekezera, ndipo mu Januwale 2013 kampaniyo inavomereza kuti yataya madola pafupifupi 3 biliyoni kumeneko. Mkulu wake, Tom Albanese, anatula pansi udindo chifukwa cha zimenezi pamodzi ndi zotayika zina za ku malonda a aluminiyamu. Mu 2014 migodiyo inagulitsidwa kwa kampani ya ku India ya ICVL pa madola 50 miliyoni okha. Malasha anali pomwepo pamene anawasiya, koma njira yowatulutsira motsika mtengo panalibe.

Vale inasankha kudzimangira njira yake. Inayala njanji yatsopano kuchokera ku Moatize kulowa m'Malawi pa Kachaso mpaka pa Nkaya, inakonza yakale yodutsa pa Liwonde ndi Nayuchi, kenako Cuamba ndi Nampula, n'kumanga doko latsopano lakuya ku Nacala-a-Velha. Ntchito yonseyi inadya madola opitirira 4 biliyoni, inakonzedwa kuti izinyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka, ndipo inatsegulidwa pamwambo mu Meyi 2017. Mgodi nawo unakulitsidwa kuti uzitha kutulutsa matani 22 miliyoni. Koma pamene ntchito yomangayo inali mkati, mtengo wa malasha osungunulira chitsulo unagwa kuchoka pa madola opitirira 300 pa tani mu 2011 kufika pansi pa madola 100 mu 2015, ndipo ngakhale m'zaka zake zabwino mgodiwo pansi pa Vale unkatulutsa matani apakati pa 11 ndi 12 miliyoni basi. Njanji yomangidwa ndi ngongole imafuna kulipiridwa kaya mabogi adzaza kaya sanadzaze. Kumapeto kwa 2021 Vale inalengeza kuti ikugulitsa mgodi ndi njanji zomwe kwa kampani ya Vulcan, ya banja la Jindal la ku India, pa madola 270 miliyoni. Tsono kampani ikamalemba m'mabuku ake kuti yaluza chaka ndi chaka, msonkho wa pa phindu umene boma limatolera umakhala wochepa kwambiri, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti gawo lalikulu la yankho lanu lagona.

Nachisale analemba kuti:

Bambo Gama, sindikutsutsa nambala ngakhale imodzi mwa zimene mwalemba, koma ndikuopa kuti a Mbewe angachoke pano akuganiza kuti amene anataya kwambiri ndi eni masheya a ku London ndi ku Rio de Janeiro. Mwini masheya akaluza amagulitsa n'kukaika ndalama zotsalazo kwina, pamene mlimi amene munda wake unasanduka dzenje alibe kumene angakautengenso.

Ku Mozambique malo onse ndi a boma, ndipo munthu kapena mudzi umangokhala ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, umene kumeneko amautcha DUAT. Mgodi ukapatsidwa chilolezo, anthu amasamutsidwa ndi kulonjezedwa chipukutamisozi. Pakati pa 2009 ndi 2010 Vale inasamutsa mabanja 1,365, ndipo amene anawerengedwa kuti ndi alimi anapititsidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, pamene ena anapatsidwa nyumba m'dera la 25 de Setembro m'tauni momwemo. Anthu ochokera kumene kuli mgodi wa Benga anapita ku Mwaladzi. Kumene anachokera, ambiri anali pafupi ndi mtsinje wa Revúbuè, ankalima madimba chaka chonse, kuumba njerwa ndi kugulitsa zokolola m'tauni poyenda pansi kapena pa njinga. Kumene anafikira anapeza nyumba za simenti, sukulu ndi chipatala, zimene sitingazikane, koma nthaka yambiri inali yamiyala ndi youma, madzi anali ovuta, msika unali kutali, ndipo nyumba zina zinayamba kung'aluka zisanathe zaka zingapo. Pa 10 Januwale 2012 anthu pafupifupi 500 a ku Cateme anatseka njanji kuti madandaulo awo amveke, apolisi n'kuwabalalitsa mwankhanza, ndipo mpaka mu Ogasiti chaka chomwecho ndi pamene boma linatulutsa lamulo lofotokoza mmene anthu ayenera kusamutsidwira. Tangoganizani kuti lamulolo linabwera anthu atasamutsidwa kale. Bungwe la Human Rights Watch linanena mu 2013 kuti ziphaso za migodi zoperekedwa kale, kuphatikizapo zimene zinali kuyembekezera chivomerezo, zinkakhudza pafupifupi 60 peresenti ya malo a chigawo chonse. Amene sanasamutsidwe nawonso ali ndi vuto lawo, lomwe ndi fumbi ndi kugwedezeka kwa nyumba pophulitsa miyala, moti mu 2018 anthu a m'dera la Bagamoyo ku Moatize analowa m'mgodi n'kuimitsa ntchito.

Pa nkhani ya ntchito, a Mbewe akumbukire kuti migodi ya masiku ano ku Moatize ndi maenje otseguka, momwe makina okumba ndi magalimoto onyamula matani mazanamazana pa ulendo umodzi ndiwo amagwira ntchito imene kale inkafuna khamu la anthu. Olembedwa ntchito amawerengedwa m'masauzande, m'chigawo cha anthu mamiliyoni, ndipo ntchito za malipiro abwino zimafuna maphunziro amene ana ambiri akumidzi sanawapeze, ngakhale kuti ku Moatize kuli sukulu yakale yophunzitsa za miyala ndi migodi ndipo ku Tete kunatsegulidwa koleji ya ukachenjede wa ntchito zamanja mu 2005. Nthawi yomanga migodi mzinda wa Tete unadzaza alendo, lendi ya nyumba inakwera mosaneneka, mahotela ndi mabanki zinaphuka, koma zipangizo zambiri ngakhalenso zakudya zina za m'makampu zinkaitanitsidwa kuchokera ku South Africa. Ntchito yomanga itatha ndipo mitengo itagwa, amene anakongola ndalama kuti amange nyumba zalendi anatsala ndi zipinda zopanda anthu.

Tsono tiyeni tiwerenge za msonkho, chifukwa apa ophunzira akhoza kuchita masamu okha. Kupatula msonkho wa pa phindu umene bambo Gama atchula, pali msonkho wa pa zokumbidwa, umene pa malasha ndi 3 peresenti ya mtengo wake, ndipo umapita ku thumba la boma ku Maputo. Kuyambira mu 2013 boma linayamba kubwezera 2.75 peresenti ya msonkho umenewu kwa anthu a m'madera okhudzidwa ndi migodi. Ndiye kuti pa malasha a madola 100, msonkho ndi madola 3, ndipo chobwerera kumudzi ndi masenti 8 okha. M'zaka zaposachedwa gawolo linakwezedwa kufika pa 10 peresenti, logawidwa pakati pa chigawo, maboma ake ndi midziyo, zomwe ndi masenti 30 pa madola 100 aja. Kukwezako ndi kwabwino, koma sindikhulupirira kuti masenti 30 angamange misewu ya chigawo chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 100,000.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chuma chimene chimadyetsa mabanja ambiri ku Tete sichilandira chidwi chofanana ndi cha malasha. Kumapiri a kumpoto, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mvula imagwa bwino ndipo anthu amakolola chimanga, nyemba, soya, mbatatesi, tirigu ndi fodya. Kumwera kotentha ndi kouma amaweta mbuzi ndi ng'ombe, ndipo pa nyanja ya Cahora Bassa pali usodzi wa kapenta. Fakitale yokonza fodya ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili mumzinda wa Tete, imagula kwa alimi masauzande ambirimbiri, ndipo ngakhale alimiwo ali ndi madandaulo awo pa mitengo ndi pa ngongole za zipangizo, ndalama yake imalowa m'makomo ambiri kuposa malipiro a migodi yonse. Koma misewu yochokera kuminda kukafika pa msewu waukulu imaduka dzinja lililonse, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa Revúbuè, umene umalumikiza mzinda wa Tete ndi Moatize, zinaonekeratu kuti msewu wa anthu wamba ndi wosalimba poyerekeza ndi njanji ya malasha.

Injiniya Tembo analemba kuti:

Ndikuthokoza bambo Gama ndi mayi Nachisale. Ine ndiyankhapo pa funso la mafakitale, ndipo ndiyambira pa magetsi chifukwa ndiyo ntchito yanga. Mchitidwe womanga chinthu chachikulu ku Tete n'cholinga choti chikatumikire kutali sunayambe ndi malasha. Damu la Cahora Bassa linamangidwa ndi Apwitikizi pakati pa 1969 ndi 1974, lili ndi makina 5 opanga mamegawati 415 aliwonse, onse pamodzi 2,075, ndipo kuyambira pachiyambi wogula wamkulu anali South Africa. N'chifukwa chake anakoka nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Songo, tauni ya pa damulo, kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Nthambo zimenezi zimanyamula magetsi oyenda mbali imodzi, amene sataika kwambiri pa ulendo wautali, koma simungangolumikizapo thiransifoma panjira kuti muunikire mudzi, pokhapokha mutamanga siteshoni yodula kwambiri yosinthira magetsiwo. Motero zimadutsa pamwamba pa midzi popanda kusiyapo kanthu. Mu Novembala 2007 Mozambique inalipira Portugal madola 700 miliyoni n'kukhala ndi 85 peresenti ya kampani yoyendetsa damulo, zomwe zinasintha kumene phindu limapita, koma nthambo zinakhalabe zoloza komwe zinkaloza. Fakitale imene kwa zaka zambiri inkadya magetsi ambiri m'dziko lonse, ya aluminiyamu ya Mozal, inayamba ntchito mu 2000 kufupi ndi doko la Maputo, ndipo magetsi ake ankaifikira kudzera m'nthambo za ku South Africa.

Apa ndikufuna kusiyana pang'ono ndi bambo Gama. Kutalika kwa mtunda, kumene iwo akuti kumadya phindu, ndiko kumene kukanayenera kukakamiza anthu kuti malasha asandutsidwe chinthu china pomwepo asananyamulidwe, chifukwa magetsi amayenda pa nthambo popanda bogi, ndipo tani imodzi ya chitsulo ndi yokwera mtengo kuposa tani imodzi ya malasha. Maganizo amenewa analipo. Panali mapulani a nyumba zopangira magetsi kuchokera ku malasha wamba ounjikidwa aja ku Moatize, ku Benga ndi ku Ncondezi, komanso a fakitale ya zitsulo imene kampani ya Baobab Resources inkafuna kumanga pogwiritsa ntchito miyala yachitsulo ya m'dera la Chiúta ndi Moatize. Zaka zinadutsa mapulaniwo ali pa pepala. Nyumba yopangira magetsi simangidwa pasanapezeke wogula wodalirika wosaina mgwirizano wa zaka 20 kapena kuposerapo, nthambo zonyamulira magetsiwo, ndi banki yopereka ngongole. Zitatu zimenezi sizinakumanepo nthawi imodzi, ndipo pamene ankazidikira, khomo la ngongole linali kutsekeka: World Bank inachepetsa kwambiri thandizo la ntchito za magetsi a malasha kuyambira mu 2013, ndipo mu Seputembala 2021 dziko la China linalengeza kuti silidzamanganso nyumba zatsopano zotere kunja kwa dzikolo. Fakitale ya zitsulo nayo imafuna ndalama zankhaninkhani ndi msika waukulu wapafupi, pamene maiko ozungulira Tete amagula zitsulo zochepa ndipo South Africa ili kale ndi mafakitale ake.

Tsopano maso ali pa damu latsopano la Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, lokonzedwa kuti lizipanga mamegawati 1,500, limene mu 2023 boma linasankha makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo kuti aligwire. Palinso nthambo za makilomita 218 zochokera ku Matambo kupita ku Phombeya m'Malawi. Ndimazifunira zabwino ntchito zimenezi, ngakhale chilala cha mu 2024, chimene chinatsitsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Cahora Bassa, chinatikumbutsa kuti madamu awiri a pa mtsinje umodzi amavutika nthawi imodzi. Koma ndikanapatsidwa mphamvu yosankha, ndikanayamba ndi zinthu zimene sizitchuka m'nyuzi: nthambo za mphamvu yapakati zofika m'misika ya kumidzi, mapampu othirira m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè, zigayo, nyumba zoziziritsira nyama ndi nsomba, makina ofinyira mafuta a soya. Mafakitale otere safuna madola biliyoni, ndipo zipangizo zake zili kale m'manja mwa alimi amene mayi Nachisale akuwanena.

Mphunzitsi Mbewe analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha, ndipo masamu a masenti 8 aja ndikawalemba pa bolodi. Ndatsala ndi funso limodzi kwa bambo Gama. Maiko ambiri akunena kuti akufuna kusiya malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Kodi tsiku limene ogula adzachepe, chigawo cha Tete chidzatsala ndi chiyani, ndipo njanji yodula ija ingadzathandize alimi ndi amalonda wamba?

Gama analemba kuti:

A Mbewe, choyamba ndivomereze kuti a Tembo anena zoona, ndipo mayi Nachisale andikumbutsa mbali imene munthu wozolowera kuwerenga matani amaiiwala msanga. Pa funso lanu, mitundu iwiri ya malasha ija sidzatha nthawi imodzi. Malasha opangira magetsi ali ndi opikisana nawo ambiri, monga dzuwa, mphepo, madzi ndi gasi, pamene osungunulira chitsulo adzafunikabe kwa zaka zambiri chifukwa dziko la India likumangabe ng'anjo zatsopano ndipo malasha ake ambiri si abwino pa ntchito imeneyi. Ichi ndicho chifukwa chake migodi ikuluikulu ya ku Tete ili m'manja mwa makampani a ku India: ICVL ku Benga, Jindal ku Chirodzi kuyambira mu 2013, ndi Vulcan ku Moatize. Mwini ng'anjo amaona mgodi mosiyana ndi wongogulitsa malasha, chifukwa chimene akufuna ndi kutsimikiza kuti moto wake suzima. Komabe mtengo umasinthasintha kwambiri, monga tinaonera mu 2022 pamene unakwera modabwitsa nkhondo ya ku Ukraine itayamba kenako n'kutsikanso, ndipo chigawo sichingakonze tsogolo la ana ake pa mtengo wotere. Maenje nawo adzatsala, ndipo ndi bwino kuti boma lizionetsetsa migodi ikadali ndi ndalama kuti zokwirira ndi kukonzanso malowo zasungidwadi.

Chimene Tete inali nacho malasha asanatchuke, ndipo idzakhala nachobe, ndi malo ake. Mzindawu unakula ngati msika wa pa Zambezi kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo lero ndi powolokera magalimoto a katundu oyenda pakati pa Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi doko la Beira, kudzera m'zipata za Cuchamano, Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza. Kwa zaka zambiri onsewa ankapanikizana pa mlatho umodzi wolenjekeka wa Samora Machel, womangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mpaka pamene mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 n'kutenga magalimoto olemera. Malo osungira katundu, okonzera magalimoto ndi ogulitsira mafuta amalemba anthu ambiri amene sangalowe pa geti la mgodi.

Njanji ya Nacala ikhoza kunyamula katundu wina, ndipo imanyamula kale mafuta, feteleza ndi makontena m'mbali zake zina. Koma ndi ya mzere umodzi wokhala ndi malo opatukirana, ndipo sitima ya malasha ya mabogi 120 ikamabwera, ina iliyonse imaima pambali kudikira. Kuti mlimi apindule nayo pafunika masiteshoni okwezera katundu wochepa, nkhokwe zosungira mbewu, mitengo imene wamalonda wamng'ono angaikwanitse, ndi misewu yabwino yofikitsa zokolola pa njanjipo, ndipo zimenezi kampani ya malasha ilibe chifukwa chozimangira pokhapokha boma litaziika m'mgwirizano. Mukalowa m'kalasi, apatseni ophunzira mapu a chigawochi, ajambulepo njanji ziwiri ndi nthambo za ku Songo ndi cholembera chofiira, kenako adetse ndi pensulo maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga kumene chakudya chimachokera. Akatero ayeze mtunda wa pa msewu kuchokera ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, kukafika pa siteshoni ya Moatize, umene adzaupeza kuti ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo awerenge kuti thumba la mbatatesi lingafike kumeneko litadya ndalama zingati.